Mphunzitsi wa Pabwalo: Don Bosco ndi Anyamata a ku Turin

Kudandaula za khalidwe la anyamata sikunayambe lero. Mbadwo uliwonse wa makolo umaganiza kuti ana ake ndiwo oyamba kutaya mwambo: sapereka moni, sapatsa akulu mpando, ntchito ya manja amaithaŵa. Tikasonkhana pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, mankhwala amene amatchulidwa msanga ndi chikoti. Mwezi uno tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 180, ku mzinda wa Turin m'dziko la Italy, kuti tione m'mene wansembe wina, Giovanni Bosco, anayankhira funso lomweli. Mbiri yake ikutiphunzitsa kuti mnyamata amatengera ulemu kwa munthu wamkulu amene amakhala naye pafupi, namupatsa ulemu iye poyamba.

Giovanni Bosco anabadwa pa 16 Ogasiti 1815 m'kamudzi ka Becchi, m'chigawo cha Piedmont. Bambo ake anamwalira mu 1817, iye asanakwanitse zaka ziŵiri, ndipo analeredwa mu umphaŵi ndi mayi ake, Margherita Occhiena. Kuti apeze sukulu anagwira ntchito pa munda wa eni, nasoka zovala kwa telala amene ankagona kwawo, nathandiza pa chipala cha wosula zitsulo, ndipo ku Chieri anaperekera zakumwa m'nyumba yodyeramo. Pamene anadzozedwa unsembe pa 5 Juni 1841, anali kudziŵa kale m'mene mtima wa mnyamata wopanda bambo umaŵaŵira, ndiponso m'manja mwake munali maluso angapo amene ansembe ambiri analibe. Anthu ankamutchula Don Bosco, monga ife timanenera kuti Bambo Bosco.

Masiku amenewo Turin unali mzinda wa anthu oposa 100,000, ndipo unali kukula msanga. Anyamata ankatsika kuchokera ku midzi ya kumapiri kudzafuna ganyu: ena kunyamula njerwa ndi laimu pa zomangamanga, ena kuyeretsa machumuni, ena kugulitsa timalonda m'misewu. Ambiri sankadziŵa kuŵerenga, ndipo tsiku la Mulungu, ntchito ikatsekedwa, ankangoyendayenda m'magulu. Bambo Giuseppe Cafasso, amene anali mlangizi wa wansembe wamng'onoyu, anamutenga kukacheza ku ndende za mu mzindawo. Kumeneko anapeza anyamata a zaka 12 mpaka 18, amphamvu ndi anzeru, akudyedwa ndi nsabwe, opanda chochita. Chimene chinamusautsa koposa n'chakuti ambiri ankatuluka ali ndi mtima wofuna kusintha, koma posakhalitsa ankabwereranso, chifukwa kunja kunalibe munthu wowalandira.

Iye mwini, polemba mbiri ya ntchito yake atakula, anaika chiyambi chake pa 8 Disembala 1841. Tsiku limenelo, m'tchalitchi cha Francisko Woyera wa ku Assisi mu Turin, wosamala za m'tchalitchi anamenya ndi kupirikitsa mnyamata wina wa zaka 16, Bartolomeo Garelli, chifukwa sanadziŵe kutumikira pa Misa. Don Bosco anadzudzula mkuluyo namutuma kuti akamuitane mnyamatayo. Atatha Misa anakhala naye pansi, namufunsa dzina, kwawo ndi za makolo ake, ndipo anapeza kuti ndi mwana wamasiye, womanga nyumba, wosadziŵa kulemba. Tizindikire kuti pa anthu aŵiri aja, amene anasoŵa ulemu anali wamkulu. Phunziro loyamba la makhalidwe pa sukulu ya Don Bosco linapita kwa munthu wonyamula ndodo.

Gulu la anyamata linakula, ndipo kwa zaka zingapo linkasamukasamuka, popeza anthu oyandikana nalo ankadana ndi phokoso. Mu Epulo 1846 linakhazikika m'shedi ya munthu wina dzina lake Pinardi, ku Valdocco, m'mphepete mwa mzinda. Malowo ankatchedwa Oratorio, ndiye kuti nyumba ya mapemphero, ngakhale kuti mbali yake yaikulu inali bwalo la maseŵera. Mu Novembala chaka chomwecho mayi ake anasiya mudzi nadzakhala naye. Mu Meyi 1847, usiku wina wa mvula, anagogoda mnyamata wamasiye wochokera ku Valsesia, atanyowa thupi lonse. Mayi Margherita anayanika zovala zake pamoto, namupatsa chakudya, namuyalira m'khitchini, ndipo asanagone anamuuza mawu ochepa a chilangizo. Anatsekanso chitseko ndi kiyi mpaka m'maŵa, chifukwa alendo ena am'mbuyomo anathaŵa ndi mabulangete. Mayi ameneyu anali ndi chifundo, koma sanali wopusa. Anakhala ndi anyamatawo zaka khumi, akuwaphikira, kuwasokera zigamba ndi kuwadzudzula ngati ana ake, mpaka anamwalira mu Novembala 1856.

Don Bosco anaona msanga kuti n'kosathandiza kulangiza mnyamata tsiku la Mulungu pamene masiku ena onse akumenyedwa ndi kudyeredwa masuku pamutu ku ntchito. Tsono mkati mwa sabata ankayendera anyamata ake m'mashopu ndi pa zomangamanga, ndipo anayamba kupangana ndi mabwana awo molemba. Chikalata china cha pa 8 Febuluwale 1852 chidakalipo mpaka lero. Ndi pangano la zaka ziŵiri pakati pa kalipentala Giuseppe Bertolino ndi wophunzira wake Giuseppe Odasso, ndipo anasainanso bambo a mnyamatayo ndi Don Bosco. Mmisiriyo analonjeza kuphunzitsa mnyamatayo luso la ukalipentala osamutuma ntchito zina zosakhudza lusolo, kumuwongolera ndi mawu osati ndi manja, ndi kumumasula masiku a Mulungu ndi a zikondwerero. Malipiro anali masenti 30 patsiku poyamba, kenaka 40, ndipo chaka chachiŵiri 60. Mnyamatayo nayenso analonjeza kumvera, kulemekeza mphunzitsi wake ndi kugwira ntchito mwakhama. M'chikalatachi ulemu ukupita mbali zonse ziŵiri, ndipo mnyamata anaphunzira kuti mawu amene munthu wasainira amamanga bwana ndi wantchito yemwe.

Popeza si mabwana onse amene ankasunga pangano, anatsegula malo ophunzirira ntchito pa Valdocco pomwe. Osoka nsapato ndi matelala anayamba mu 1853, omanga mabuku mu 1854, akalipentala mu 1856, ndipo pofika mu 1862 panali makina osindikizira mabuku ndi chipala cha osula. Madzulo kunali sukulu ya kuŵerenga, kulemba, masamu ndi nyimbo. Pamene boma la Piedmont linalamula kuti kuyambira mu 1850 anthu aziyeza ndi mita, lita ndi kilogalamu, iye analemba kabuku kofotokoza miyeso yatsopanoyo m'mawu osavuta, ndipo anyamata ake anaichita ngati seŵero pamaso pa anthu. Anadziŵa kuti mmisiri wosadziŵa muyeso amaberedwa pa msika, ngakhale akhale waulemu chotani.

Nanga makhalidwe enieniwo ankawaphunzitsa bwanji? Malamulo a nyumba zake, amene anasindikizidwa mu 1877, ali ndi mitu yonena za khalidwe m'tchalitchi, m'kalasi, pa ntchito, pamaso pa akulu, pakati pa anzako ndi poyenda mu msewu, ndiponso mutu wa ukhondo. Chaka chomwecho analemba masamba ochepa ofotokoza njira yake, imene anaitcha njira yopeŵetsa, poisiyanitsa ndi njira yopondereza. Pa njira yopondereza, mkulu amalengeza malamulo, nakhala patali kudikira wolakwa kuti amulange. Pa njira yopeŵetsa, mkulu amafotokoza malamulo ndi zifukwa zake kaŵirikaŵiri, nakhala pakati pa anyamata kotero kuti mpata wolakwa uchepe. Anaimika njirayi pa mafuwa atatu: nzeru, chipembedzo ndi chikondi chooneka. Analetsa kumenya kwa mtundu uliwonse, kukoka makutu ndi kugwaditsa mwana mopweteka, nalangiza kuti wolakwa azidzudzulidwa payekha, kutali ndi maso a anzake. Usiku uliwonse, anyamata asanagone, mkulu wa nyumba ankawalankhula mphindi ziŵiri kapena zitatu pa zimene zachitika tsiku limenelo, mwambo umene ambiri amautsata kuchokera ku mawu aja a Mayi Margherita m'khitchini.

Munthu mmodzi sangakhale paliponse, choncho anasandutsa anyamata okhaokha alangizi a anzawo. Mu 1856 Domenico Savio, mnyamata wa zaka 14, anayambitsa ndi anzake kagulu kamene ntchito yake ina inali kusamala obwera kumene ndi ovuta. Chaka chotsatira Don Bosco anakumana pa siteshoni ya sitima ku Carmagnola ndi Michele Magone, mtsogoleri wa anyamata a mu msewu. Atafika ku Valdocco, Magone anapatsidwa mnzake wokulirapo woti aziyenda naye, kuseŵera naye ndi kumukumbutsa mwakachetechete pamene lilime laterereka. Anamwalira mu Januwale 1859 ali ndi zaka 13, atasanduka wothandiza anzake, ndipo Don Bosco analemba mbiri yake kuti ena aphunzirepo. Ngakhale pa mliri wa kolera wa mu 1854, anyamata akuluakulu a pa Oratorio anatuluka kukasamala odwala amene ena ankawathaŵa. Mnyamata amene wapatsidwa udindo weniweni amakula msanga kuposa amene amangouzidwa kuti akule.

Tisaganize kuti zonse zinali zofeŵa. Kuyang'anira kwa pa Valdocco kunali kwa usana ndi usiku, kothina kuposa m'mene ambiri a ife tingavomerezere lero, ndipo mnyamata wopitiriza kuwononga anzake ankabwezedwa kwawo. Aphunzitsi nawonso anali ndi malire awo: ankaletsedwa kukondera mwana mmodzi kapena kumuloŵetsa m'chipinda chawo. Kuyandikana kwa mkulu ndi mwana kunali kwa poyera, pabwalo, pamaso pa onse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njirayi inayamba kuzirala mwini wake adakali moyo. Chipani cha Asalesiani, chimene anachiyambitsa mu Disembala 1859, chinakula. Nyumba zinachuluka, anyamata a pa Valdocco anafika mazanamazana, ndipo aphunzitsi anatanganidwa ndi mabuku ndi maofesi. Pa 10 Meyi 1884, ali ku Roma, wokalamba ndi wodwala, anatumiza kalata ku Valdocco. M'kalatamo anadandaula kuti pa nthaŵi yopuma aphunzitsi ambiri ankayenda paokha akucheza, kapena kuyang'ana anyamata ali patali, ndipo anyamata anayamba kuwaona ngati mabwana oyenera kuopedwa. Anavomereza kuti aphunzitsiwo ankadzipereka kwambiri; chimene chinasoŵa n'chakuti anyamata sankachiona chikondicho, popeza akulu analeka kukonda zimene anyamata amakonda. Malamulo anali omwewo, nyumba zinali zabwino kuposa shedi ya Pinardi, koma mkulu anali atachoka pabwalo. Don Bosco anamwalira pa 31 Januwale 1888, ndipo Papa Pius XI anamulengeza woyera mu 1934.

Ana ake auzimu anafika ku Zambia mu 1982 ndi ku Malaŵi mu 1995, ndipo ku Lilongwe ali ndi sukulu ya ntchito zamanja yotchedwa ndi dzina lake. Koma kalata ya mu 1884 ikulankhula kwa tonse amene tili ndi anyamata m'manja mwathu, kaya m'sukulu za boma, za mipingo kapena za eni. Tikudziŵa kuti makalasi ndi odzaza ndipo aphunzitsi ndi otopa. Komabe belu la nthaŵi yopuma likalira, akulu tonse tikaloŵa m'ofesi ndi kutseka chitseko, anyamata sasiya kuphunzira. Amangosintha mphunzitsi, ndipo amene amatenga malo athu ndi wamphamvu ndi wamwano kuposa onse pa gululo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyese kuŵerenga anyamata amene timawadziŵa dzina, kwawo ndi chimene manja awo amatha. Amene atsala pa chiŵerengero chimenecho ndiwo tiyambe nawo: tiwapatse moni ife poyamba, tiwaphunzitse kugwira singano, khasu kapena sowo, ndipo akalakwa tiwaitanire pambali.