Wailesi ya Poto ndi Nyimbo Zimene Anthu Anapempha

Masiku ano ngati mufuna kupereka moni kwa mnzanu pa wailesi, mungotumiza uthenga pa foni. Mwambo umenewu unayamba agogo athu akali acinyamata.

Kuulutsa mawu m'dziko muno kunayamba mu 1941 mu Lusaka, pamene boma la atsamunda linafuna kuuza anthu za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Koma wailesi inali yodula, munthu wamba sakanaikwanitsa. Motero Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anakopa kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange yochipa. Mu 1949 inatuluka Saucepan Special, yozungulira ngati poto, ya buluu, yoyendera batire, mtengo wake mapaundi 5. Nyumba imene inali nayo inali kudzaza ndi anansi madzulo alionse.

Nanga anali kumvera ciani? Siteshoni ya Central African Broadcasting Station inali kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele, ndipo inali kumveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Boma linafuna kuti tsiku lidzaze ndi nkhani zake, maphunziro a ulimi ndi a ukhondo. Anthu anafuna nyimbo. Pulogalamu imene inagwira mitima inali Zimene Mwatifunsa. Mnyamata wa pa mgodi ku Kitwe anali kulemba kalata, kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa amake kumudzi. Kumva dzina lako likuchulidwa pa wailesi kunali kudziwitsa abale kuti ukali moyo.

Pakati pa oulutsa mawu panali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922, amene anagwirapo nchito yojambula nyimbo za makolo ndi Hugh Tracey. Ndi gitala yake, iye anaimba za moyo wa m'tauni: cikondi, mowa, ndalama ndi mabanja. Anthu a m'komboni anadzimva okha m'nyimbo zimenezo.

Ufulu utabwera mu 1964, funso linakhala lakuti, kodi wailesi iziliza nyimbo za yani? M'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za muno. Khomo linatseguka kwa a WITCH, Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga, kenako oimba kalindula. Dzuwa likalowa, Julius Chongo anali kusimba nthano zake m'Cinyanja pa Poceza m'Madzulo, akusinthasintha mawu ngati kuti m'cipinda muli anthu ambiri.

Radio Phoenix itatsegulidwa mu 1996, masiteshoni anayamba kuculuka. Komabe mphamvu ija ya kalata ya wa pa mgodi ikalipo: woimba wa ku Matero kapena ku Chawama amamveka pa wailesi ngati omvera amupempha. Sabata ino, inu mwapempha nyimbo ya yani?