Mlendo wa ku Bergen ndi mbiri ya sitima za pa Likoma

Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo. Tinali kalikiliki kuchonga mayeso a ana. Lero ndabwera ndi nkhani ya mbiri yakale, ndipo amene anandiputa kuti ndiilembe ndi mlendo.

Tsiku lina Ilala itakocheza, ndinakumana ndi bambo wina wachikulire, mzungu, akupuma pansi pa mlambe panjira yobwera kwathu kuno ku Khuyu. Anati kwawo ndi ku Bergen m'dziko la Norway, ndipo pachilumba pano anali wongodutsa. Paja amati mlendo ndi mame. Ndinkayembekeza kuti ayamba kuyamikira tchalitchi cha St Peter monga amachitira alendo onse, koma iwo anayamba ndi sitima. Anati ataona anthu akutsitsa matumba a ufa, malata ndi simenti, kwinaku ena akukweza usipa wouma, anakumbuka kwawo. Ndinadabwa. Ku Ulaya kungafanane bwanji ndi kuno?

Bergen ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo unayamba cha m'ma 1070 m'nthawi ya mfumu Olav Kyrre. Gombe la dzikolo ndi long'ambikang'ambika. Nyanja imalowa kutali kumtunda pakati pa mapiri aataliatali, m'zigwa zimene zinakumbidwa ndi madzi oundana kalekale. Zigwa zodzadza madzi zimenezi eni ake amazitchula kuti fjord. Chachikulu mwa zonse, Sognefjord, n'chotalika makilomita oposa 200 ndipo kuya kwake kumapitirira mamita 1,300. Nyanja yathuyi, imene inabadwa chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka, malo ake akuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. M'dziko lotere kulambula msewu kunali kovuta zedi, choncho msewu wa anthu unali madzi.

Chimene chinalemeretsa Bergen ndi nsomba zouma. Asodzi a kumpoto, makamaka ku zilumba za Lofoten, ankayanika nsomba pamitengo n'kuzitumiza ku Bergen, kumene amalonda a ku Germany anakhazikitsa malo awo cha m'ma 1360 pa doko lotchedwa Bryggen. Ndipo mu 1893 kunayamba ulendo wa sitima wotchedwa Hurtigruten, wonyamula makalata, katundu ndi anthu m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Masiku ano sitimazo zimayenda kuchokera ku Bergen mpaka ku Kirkenes, n'kumaima m'madoko 34. Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene bambo aja anaona. Nsomba zouma ndi sitima yoyembekezeredwa ndi mudzi wonse, si moyo wathu womwewu?

Ana anga a Fomu 3 amakonda kunena kuti Likoma ndi kumathero a dziko. Ine ndimawatsutsa. Panali nthawi imene chilumba chino cha masikweya kilomita 18 okha chinali likulu, ndipo chimene chinachititsa zimenezi ndi sitima.

Amishoni a UMCA anayamba ntchito yawo ku Magomero mu 1861, koma zinthu sizinayende. Bishopu Mackenzie anamwalira mu 1862 ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar. Amene anabwerera kunyanja kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 ndi William Percival Johnson. Mnzake amene anali naye paulendo, Charles Janson, anamwalira mu 1882 atangofika m'mphepete mwa nyanja. Johnson anaona chinthu chimodzi. Midzi ya Anyanja kutsidya la kum'mawa inali itapanikizana m'mphepete mwa madzi poopa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo, ndipo kuyenda pamtunda kunali koopsa. Njira yokhayo yofikira midzi yonseyo inali ya pamadzi. Iye anabwerera ku England kukapempha ndalama zogulira sitima, ndipo ngakhale anadwala maso mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu, sitimayo inabwera ili zidutswazidutswa ndipo inaikidwa pamadzi mu 1885. Anaitcha Charles Janson.

Sitima imafuna doko lobisika ku mwera komanso malo otetezeka ku nkhondo. Likoma anali nazo zonse ziwiri. N'chifukwa chake m'chaka chomwecho cha 1885, Bishopu Smythies atagwirizana ndi mfumu Chiteji ya kutsidya, mishoni inakhazikika pano. Sanasankhe chilumba chino chifukwa cha nthaka, poti tonse tikudziwa kuti pano ndi miyala, mchenga, malambe ndi chinangwa. Anasankha chifukwa cha madzi. Kukhalapo kwa mishoniyi ndi kumenenso kunachititsa kuti pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, Likoma ndi Chizumulu zikhale mbali ya Britain ngakhale kuti gombe la Mozambique tikuliona ndi maso. Kukanapanda sitima ija, mwina nkhani ino ndikanalemba m'Chipwitikizi.

Koma nyanja sinaleke kutenga msonkho wake. Chauncy Maples, amene anatsogolera mishoni pano kuyambira mu 1886, anadzozedwa kukhala bishopu mu 1895. Akubwerera kudzayamba ntchito, boti limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe pa 2 September chaka chomwecho chakufupi ndi Salima, ndipo anamira. Anaikidwa m'manda ku Nkhotakota. Pomukumbukira, anthu a mpingo ku England anasonkha ndalama zogulira sitima yokulirapo. Inapangidwa ku Glasgow, inadzera mtsinje wa Zambezi ndi Shire ili yomasula, ndipo pa mathithi a Shire inanyamulidwa pamitu ya makolo athu. Thanki yake yowiritsira madzi, yolemera matani 11, inakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana. Mabuku amatchula mayina a mabishopu, koma mayina a anthu amenewa sanalembedwe. Sitima ya Chauncy Maples inaikidwa pamadzi mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi, ndipo Johnson anakhala m'menemo zaka zambiri akuyendera midzi ndi kumasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno.

Tsono tchalitchi chachikulu chimene alendo amadzajambula chija chinabwera pambuyo pa sitima. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903 pa Chipyela, malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Wojambula mapulani anali Frank George. Anayamba kupemphereramo mu 1905 ndipo chinapatulidwa mu 1911. Miyala anaswa pachilumba pompano, koma zina zonse zimene chilumba chinalibe zinabwera pamadzi. Aphunzitsi, amisiri ndi ansembe ophunzitsidwa pano nawonso anatuluka pamadzi kupita ku Nkhotakota, ku Msumba, ku Liuli ndi kwina. Mmodzi mwa ansembe a nthawi imeneyo, Leonard Kamungu wa ku Chia, anakafika mpaka ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Anthu a pa Likoma anatchuka ndi sukulu, ndipo ambiri anakagwira ntchito za ukalaliki m'matauni a Nyasaland, Rhodesia ndi Tanganyika. Kodi kumeneko n'kumathero a dziko?

Zinthu zinatembenuka pamene misewu, njanji ndi magalimoto zinayamba kulamulira kumtunda. Likulu la mpingo linasamukira kumtunda, ndipo sitima ya Chauncy Maples inagulitsidwa ku boma mu 1953. Chilumba chimene chinali pakati pa msewu wa madzi chinasanduka malo odikira sitima.

Pakati pa zaka zimenezi panachitika ngozi imene sitiyenera kuiwala. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano ya Vipya inamira ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda a m'chipinda chapansi. Ilala imene timakwerayi inabwera pambuyo pa ngoziyo. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Dzina inatengera kwa Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanja mu 1875. Kwa zaka zambirimbiri Ilala inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti, ena madzi m'chiuno, katundu pamutu, nthawi zina usiku. Aliyense wokulira pano ali ndi nkhani yake ya thumba la ufa limene linanyowa.

Taganizani bwino. Sitima imene inayamba ntchito agogo athu ali anyamata ndi atsikana ndi imene ife takuliramo, ndipo yapitirira zaka 70. Likoma linakhala boma palokha mu 1999, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa zilumba ziwirizi. Chimanga chambiri chimene timadya, mafuta, mankhwala a kuchipatala, mabuku a kusukulu ngakhale mapepala a mayeso, zonse zimadalira ulendo wa pamadzi. Nthawi zimene Ilala yakhala ikukonzedwa kwa miyezi, mitengo ya zinthu m'magolosale imakwera ndipo anthu amakakamizika kukwera maboti odzadza mopitirira muyeso pa nyanja yomwe ija inameza Maples ndi Vipya.

Ndinafunsa bambo aja kuti kwawo amatani, poti tsopano ali ndi misewu, milatho ndi ndege. Anati boma lawo limalipirabe makampani kuti sitima ziziima tsiku lililonse ngakhale m'madoko aang'ono amene sabweretsa phindu, chifukwa limaona ulendowo ngati msewu wa boma. Mawu amenewo anandikhala mumtima. Munthu wa ku Dedza safunsidwa ngati msewu wa kwawo ukupanga phindu. Ife msewu wathu ndi sitima, ndipo mbiri yonse ya chilumba chino ikuchitira umboni.

Bambo aja anakwera Ilala pobwerera kummwera, ndipo ndinawapatsa kathumba ka usipa kuti akayerekeze ndi nsomba za kwawo. Sabata yotsatira ndinalemba pabolodi zaka izi: 1885, 1901, 1946, 1951, n'kuuza ana kuti akafunse agogo awo chimene akukumbuka. Mtsikana wina anabwera ndi nkhani ya agogo ake amene anakwerako Chauncy Maples ali mwana. Imeneyo ndidzakulemberani ulendo wina, banja lawo likandilola.