Mbiri ya malire a Malawi ndi Zambia pa Jenda

Malire a Malawi ndi Zambia pa Jenda, kummwera kwa boma la Mzimba, satsata mtsinje kapena msewu. Amatsata mtunda umene umagawa madzi a mvula: otsikira kummawa amathera m'nyanja ya Malawi, otsikira kumadzulo amakagwera mu Luangwa. Mzerewu unakhazikitsidwa mu 1891, pamene boma la Britain linatenga chigawo cha kunyanja pansi pa Harry Johnston, n'kusiyira kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, dziko la kumadzulo.

Sanali malire a mayiko awiri ayi. Anali mzere wogawirana ntchito pakati pa Angerezi okhaokha, ndipo eni nthaka sanafunsidwe. Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa anali akudzilamulira okha mpaka 1904, pamene anagwirizana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni. Pofika nthawiyo mzere unali utawadula kale. Likulu la M'mbelwa lili ku Edingeni, koma mafumu achingoni Magodi ndi Phikamalaza ali ku Zambia, mbali ya Lundazi. Chitumbuka chimayankhulidwa mbali zonse ziwiri, ndipo mishoni ya Livingstonia inatsegula Chasefu tsidya ilo ngati palibe chotchinga.

Zinthu zinasintha mu 1964. Malawi analandira ufulu pa 6 Julaye, Zambia pa 24 Okutobala, ndipo Julaye yemweyo atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Cairo kuti malire a atsamunda asasunthidwe. Komabe mu 1968 Kamuzu Banda ananena poyera kuti Malawi weniweni amafika ku Luangwa, mawu amene anakwiyitsa Kenneth Kaunda. Nkhaniyo inazilala osafika kukhoti.

Vuto lotsala linali lakuti mtunda wogawa madzi umaoneka bwino pa mapu, koma pamalo athyathyathya mlimi sangauloze ndi chala. Minda, madimba ndi manda zinapezeka uku ndi uko. Mayiko awiriwa anatumiza akatswiri oyeza malo kukaika zipilala za konkire pa mtunda wa makilomita oposa 800, ntchito imene inalimbikitsidwa ndi pulogalamu ya malire ya African Union ya mu 2007.

 Chigamulo cha mu 1986 cha khoti la dziko lonse la ku The Hague pa mlandu wa Burkina Faso ndi Mali chimagwirizana kwambiri ndi za pa Jenda: malire a mayiko amenewonso anali mzere wa mtsamunda mmodzi, France, ndipo khoti linati malire amene dziko linawapeza pa tsiku la ufulu ndiwo amagwira ntchito.