Nyamakazi Yolowera Pakhosi

Kwathu kuno tikati nyamakazi timaganiza za agogo odandaula maondo kukazizira. Koma ine ndifuna ndikambe za nyamakazi ina, ya ana a zaka 5 mpaka 15, imene azungu amaitcha rheumatic fever.

Mu 1836 dotolo wa ku France, Jean-Baptiste Bouillaud, adalemba kuti odwala nyamakazi yotupitsa mfundo ndi kutenthetsa thupi kawirikawiri amadwalanso mtima. Gwero lake sadalidziwe. Padapita zaka pafupifupi 100. Mu 1931 Alvin Coburn wa ku New York adaloza chala tizilombo totchedwa streptococcus, tomwe timayambitsa zilonda zapakhosi. Mu 1933 mayi Rebecca Lancefield adatigawa tizilomboti m'magulu, ndipo wolakwa adapezeka m'gulu A.

Chondizizwitsa ine nchakuti kachilomboko sikapita nkomwe ku bondo kapena ku mtima. Khungu lake limafanana ndi minofu ina ya munthu. Ndiye chitetezo cha m'thupi, pothamangitsa mbala, chimamenya ndi mwininyumba yemwe. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, pakhosi patapola kale, mwana ayamba kutupa maondo ndi akakolo. Mfundozo zimachira. Koma tizitseko ta mu mtima, totseguka ndi kutseka magazi akamadutsa, timatsala ndi zipsera za moyo wonse.

Umboni wa mankhwala udachokera ku kampu ya asilikali ya Warren ku Wyoming, m'dziko la America. Charles Rammelkamp ndi anzake adabaya penisilini asilikali pafupifupi 800 odwala pakhosi, ena 800 osawabaya. Mu 1950 adalengeza zotsatira: mwa obayidwa adadwala nyamakaziyi ndi 2 basi, mwa enawo 17.

Ku Ulaya ndi ku America nthendayi idachepa kwambiri, chifukwa cha mankhwala komanso nyumba zosathithikana. Nanga kuno? Mu 2015 anthu oposa 33 miliyoni padziko lonse anali ndi mitima yoonongeka motere, ambiri m'maiko osauka monga lathu lino, ndipo oposa 300,000 adamwalira chaka chomwecho.

Ndiye ine ndimati, abale anga, pamenepa nzeru sizidasowe ayi. Chidasowa ndi njira yoti jakisoni wa 1950 uja afike kwa mwana wa kumudzi. Chakudza sichiyimba ng'oma. Mwana akati "pakhosi pakuwawa" thupi likutentha, tisamangomupatsa madzi a mandimu nkumati zitha zokha. Tipite naye kuchipatala.