Mpira wa Mabwalo Aŵiri

M'chaka cha 1920 anthu akuda a ku America anayambitsa ligi yawoyawo ya baseball, maseŵera aja omenya kampira ndi chibonga. Anatsogolera ndi Rube Foster, mumzinda wa Kansas City, popeza matimu a Azungu ankakana munthu wakuda, akhale katswiri wotani. Khomo linatseguka mu 1947 pamene Jackie Robinson analoŵa timu ya Brooklyn Dodgers. Koma akatswiri ena atamtsatira, maligi a anthu akuda anafota.

Ofuna kukonza kanema wa mbiriyi anapeza zithunzi zoyenda zoŵerengeka chabe. Tsono Ken Burns, m'kanema wake wa 1994 wotchedwa Baseball, anakhazika pansi nkhalamba ya zaka zoposa 80, Buck O'Neil, amene anaseŵerako m'timu ya Kansas City Monarchs, namsiya asimbe. Ndiyo njira ya Luka Woyera imeneyi, kutsamira pa mboni zoona ndi maso. Pamene O'Neil ankamwalira mu 2006, mawu ake anali atalongedwa kale m'nkhokwe.

Kuno kwathu, pa nthaŵi ya Atsamunda, mpira wamiyendo nawo unali wosankhana khungu. Azungu anali ndi Blantyre Sports Club ya 1896, ndi Limbe Country Club pafupi ndi Bangwe pomwepa. Amwenye anali ndi kalabu yawo. Eni dziko anali ndi bungwe lawolawo, Nyasaland African Football Association, ndipo ambiri ankamenya chikopa popanda nsapato. Makina ojambulira analipo ndithu, koma anali m'manja mwa Central African Film Unit ya ku Salisbury, imene kuyambira 1948 inkatumiza m'midzi makanema ophunzitsa ulimi ndi ukhondo, kenaka otamanda Chitaganya. Mwini makina ndiye ankasankha zoyenera kukumbukika.

M'mabuku mupeza kuti mu 1962 Ghana inatithira zigoli 12 kwa duu, ndi kuti bungwe la Football Association of Malaŵi linakhazikitsidwa mu 1966. Koma mmene mtima wa mnyamata unkapwetekera posuzumira kapinga wa Azungu ali kunja kwa mpanda, zimenezo zili m'mitu mwa agogo athu. Amene anali ndi zaka 20 mu 1962 lero apyola 80, msinkhu womwewo wa O'Neil pamene ankajambulidwa. Ena mwa iwo timapemphera nawo Misa ya m'maŵa ku Bangwe, atatsamira ndodo, ndipo adzukulu oŵaperekeza ali ndi foni zojambula m'thumba.