Zaka 30 za Big Night

Chaka chino cha 2026 filimu ya Big Night yakwanitsa zaka 30. Inatuluka mu 1996. Stanley Tucci anaitsogolera pamodzi ndi Campbell Scott, ndipo nkhani yake, imene Tucci analemba ndi wachibale wake Joseph Tropiano, inalandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance chaka chomwecho. Mulibe mfuti, mulibe kuthamangitsana kwa magalimoto. Muli munthu ndi mng'ono wake, ndi lesitilanti imene ikufa.

Nkhaniyi ikuchitika m'zaka za m'ma 1950, m'mphepete mwa nyanja ku New Jersey. Primo, yemwe ndi Tony Shalhoub, ndi mkulu, ndipo ndiye wophika. Secondo, yemwe ndi Tucci, amalandira makasitomala ndi kusunga mabuku a ndalama. Awiriwa anachoka ku Italy kudzafuna moyo, natsegula malo odyera otchedwa Paradise. Koma mipando imangokhala yopanda anthu, ndipo a banki akufuna kuwalanda malowo.

Mkangano wawo umaonekera pa mbale imodzi ya risotto. Mayi wina akufuna kuti amuwonjezere spaghetti pambali. Kwa Primo zimenezi n'chimodzimodzi kuitanitsa nsima ngati ndiwo ya mpunga, ndipo akukalipa kukhitchini. Secondo akudziwa kuti mkulu wake sakunama, komanso akudziwa kuti wolipira ndi mayi uja. Ine mbali imeneyi ndi imene ndimaikonda kwambiri, chifukwa filimuyi siinyoza aliyense wa awiriwa. Primo akuteteza zimene anaphunzira kwawo, zimene zikatayika sadzakhalanso ndi chodzitchulira kudziko la eni. Secondo akuteteza denga limene onse awiri akugonamo. Aliyense amene ali ndi m'bale wake ku Johannesburg kapena ku London amaudziwa mkangano umenewu.

Tsidya lina la msewu kuli Pascal, yemwe ndi malemu Ian Holm, mwini lesitilanti yodzaza anthu, wopatsa makasitomala chilichonse chimene afuna. Iyeyu akulonjeza kuti aitana woimba wotchuka Louis Prima kuti adzadye ku Paradise. Abalewo akuthira ndalama zawo zonse zotsala paphwando la usiku umodzi. Pakati pa phwandolo pakubwera timpano, chakudya chachikulu chokutidwa ndi mtanda, chodzaza pasta, nyama, mazira ndi tchizi. Mmene awiriwa akuchivundukulira mwamantha, akuchigogoda ndi kuchimvetsera, m'pamene woonera amazindikira kuti ngakhale Secondo, ndi mabuku ake onse a ngongole, amalemekeza manja a mkulu wake.

Prima sakubwera. Pascal sanamuitane n'komwe. Abalewo akumenyana pamchenga, ndipo m'mawa mwake Secondo akukazinga mazira, kamera osasuntha kwa mphindi zingapo, mawu pafupifupi kulibe. Primo akulowa, akudya, ndipo akukolekana mikono. Sitiuzidwa ngati Paradise ipulumuka kapena ngati Primo abwerera ku Italy. Olemba anachita bwino kusatiuza, pakuti chimene chinali pangozi yeniyeni ndi ubale wawo.

Tucci sanachoke pankhani ya chakudya: mu 2021 anayamba pulogalamu ya Searching for Italy pa CNN. Koma Big Night ndiyo ntchito yake imene ndimaiika patsogolo. Ngati simunaionere, ifunefuneni, ndipo ngati muli ndi m'bale wanu amene munayambana naye pankhani ya bizinesi, muionere limodzi.