Kulera mbande za nsungwi kuchokera ku njere: zoyenera kudziwa tili kuno ku Maryland

Nsungwi ndi mtundu wa udzu, ngakhale zimatalika ngati mtengo. Kumudzi timazidziwa chifukwa cha malichero, madengu, nkhokwe ndi mono wogwirira nsomba. Umodzi mwa mitundu yachilengedwe ya ku Malawi ndi Oxytenanthera abyssinica, umene umamera mothinana pa tsinde limodzi. Kuno ku Bethesda nsungwi ziliponso zambiri, ndipo ana athu amaziona ku National Zoo mu Washington, komwe ndi chakudya cha Bao Li ndi Qing Bao, zimbalangondo za panda zimene zinafika mu Okutobala 2024. Banja lofuna kulera mbande zake liyenera kudziwa mtundu wa njere, malamulo a kuno, ndi chisamaliro cha chaka choyamba.

Njere n'zosowa

Mitundu yambiri ya nsungwi imatha zaka makumi angapo isanachite maluwa, ndipo ikabereka njere nthawi zambiri imafa. Mtundu wa Phyllostachys bambusoides umadikira zaka pafupifupi 120. Njerezo zimafanana ndi za mpunga wosapuntha ndipo sizichedwa kutha mphamvu: zikakhala miyezi ingapo pamalo otentha, zambiri sizimera. Choncho fesani njere zambiri kuposa mbande zimene mukufuna.

Malamulo awiri ofunika

Choyamba, musabweretse njere za nsungwi m'chikwama pochokera kumudzi, ndipo musaziitanitse pa intaneti kuchokera kunja kwa dziko lino. Nthambi ya boma ya APHIS, yomwe ili pansi pa unduna wa zaulimi wa United States, imaletsa kulowetsa njere ndi mbande za nsungwi popanda chilolezo chapadera. Gulani kwa ogulitsa a mkati mwa dziko muno.

Chachiwiri, dziwani kuti nsungwi zilipo za magulu awiri. Zina zimakhala pa tsinde limodzi ngati zakwathu. Chitsanzo chopirira chisanu ndi Fargesia, yokonda mthunzi. Zina zimayanga pansi pa nthaka n'kukatulukira m'bwalo la mnansi. Za gulu la Phyllostachys zili choncho, kuphatikizapo moso, imene njere zake zimagulitsidwa kwambiri. Boma la Maryland linaika Phyllostachys aurea pa mndandanda wa zomera zowononga, ndipo ku Fairfax County, tsidya la mtsinje wa Potomac, kuyambira pa 1 Januwale 2023 munthu angathe kulipitsidwa chindapusa nsungwi zake zikalowerera malo a ena. Ngati njere zanu ndi za gulu loyanga, zilereni mumphika moyo wake wonse.

Kufesa

Nthawi yabwino ndi Febuluwale kapena Malichi, m'nyumba. Viikani njere m'madzi ofunda kwa maola 24. Dzazani timiphika tobowoka kunsi ndi dothi logula lofesera mbewu, osati dothi lakatondo la kuseri kwa nyumba, lomwe limasunga madzi. Kwirirani njere pang'ono, osapitirira theka la sentimita, n'kuphimba ndi pulasitiki woonekera. Zimamera bwino pa madigiri 20 mpaka 30 a Celsius, omwe ndi 68 mpaka 86 a Fahrenheit. Zambiri zimatuluka pakatha masabata awiri kapena anayi. Zikangomera, chotsani pulasitiki kuti mpweya uziyenda.

Madzi, kuwala ndi chakudya

Mbande zambiri zimafa ndi madzi ochuluka. Dothi likakhala chinyowere, tizilombo ta chuku timaoletsa tsinde pamene lakhudza dothi, ndipo mbande imagwa tsiku limodzi lokha. Pisani chala m'dothi. Thirirani pokhapokha pamwamba payamba kuuma. Masamba akapindika ngati ndudu, mbandeyo ili ndi ludzu. Akasanduka achikasu dothi lili lonyowa, madzi achuluka.

Ikani miphika pawindo lowala koma losawomba dzuwa la masana, kutali ndi potulukira mpweya wotenthetsa nyumba. Feteleza adikire mpaka masamba atakwana atatu kapena anayi, ndipo mumusungunule m'madzi pa theka la mlingo wolembedwa pabotolo.

Chaka choyamba

Musadandaule mbande ikamaoneka ngati kaudzu wamba. Mphamvu zake zikupita pansi, kumene ikumanga tsinde lobisika. Tsinde la nsungwi silinenepa likangotuluka. Mphukira yatsopano iliyonse ndiyo imabwera yokulirapo kuposa yakale. Mphukira yachiwiri ndi yachitatu ndi chizindikiro choti mbande yagwira. Ana angathe kulemba m'kope tsiku limene mphukira iliyonse yatuluka ndi kutalika kwake.

Mizu ikaonekera kunsi kwa mphika, samutsirani mumphika wokulirapo osaphwanya dothi. M'mwezi wa Meyi, chisanu chitatha, zizolowezeni panja pamthunzi maola ochepa patsiku kwa sabata imodzi, ndipo zitetezeni kwa akalulu ndi agologolo. Mu Okutobala zibwezereni m'nyumba, chifukwa mizu ya mumphika imaundana msanga kuposa ya m'nthaka. Nsungwi za kumalo otentha, monga zakwathu zija, sizingapulumuke panja m'nyengo yozizira ya kuno.

Wofuna kubzala pabwalo ayambe wafunsa mwininyumba kapena bungwe la eni nyumba a m'deralo. Alangizi a University of Maryland Extension amayankhanso mafunso a zomera kwaulere.